Mabowo a alamu anga osoka nsapato

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, ndi osoka nsapato. Mumsewu mwawo amawatchula kuti a Pompopompo, chifukwa chibadwire sanadikirepo chinthu. Tiyi amamwa ali chiimire, akupsa milomo. Basi ikachedwa pang'ono amauyamba wapansi, basiyo n'kuwapitirira panjira. Kampasi yanga, imene ndinkaphunzitsira kujambula mapulani a nyumba, anaibwereka kuti alembere chidendene cha nsapato, ndipo inabwera yopindika mwendo. Papita zaka makumi awiri, sanapepesebe.

Ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Kashopu kawo ndi kachipinda kamodzi konunkha guluu, kokhala ndi makina osokera pazenera, kabati yachitsulo, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala.

Mwana wawo wamkazi amakonza mafiriji. Loweruka lililonse amakapikisana ndi anzake pa timagalimoto toyendera rimoti, pabwalo la simenti kuseri kwa fakitale. Kwa zaka ziwiri bambo ake akhala akupempha kuti azipita naye. Iye amakana: "Adadi, inu manja amafika kumene mutu sunafike."

Mwezi watha anafewa mtima. Anagula chigoba chatsopano cha pulasitiki, chija chimavekedwa pamwamba kuti kagalimoto kaoneke galimoto, n'kuchipenta yekha chamkati kwa milungu itatu. Chinatsala n'kuboola mabowo anayi olowa timizati timene timachigwira. Ntchitoyo anapatsa bambo ake. "Mukaboola bwino, Loweruka tipitira limodzi. Koma mudikire amalume abwere ndi rula."

Ndinafika Lachinayi naini koloko m'mawa monga tinapanganirana. Ndinawapeza akuzungulira tebulo, thukuta kamukamu.

"Alamu, mwachedwa," anatero.

"Sindinachedwe. Mwachita chiyani?"

Anali ataboola kale. Anayeza ndi tepi ya telala, akuitsatiza mmene chigobacho chapindikira, ngati akuyeza phazi la munthu. Mabowo akumbuyo anakhala bwino mwamwayi, koma awiri akutsogolo anaphonya timizati ndi mpata wa chikhadabo. Pachikopa zimenezo si mlandu: umanyowetsa, n'kukoka, bowo limafika lokha. Ndiye anakoka. Mng'alu unatuluka pabowo lakumanzere kulunjika kugalasi lakutsogolo la chigobacho.

"Pulasitiki si ng'ombe, alamu!"

"Ndaona kale zimenezo, aphunzitsi. Nenani za nzeru."

Ndinati tidule kachidutswa ka pulasitiki timate kunsi. Anapukusa mutu, akuti chouma pachouma chimathetheka galimoto ikagunda khoma. Anatulutsa guluu wawo wa nsapato, uja amauma koma n'kumapindikabe, ndi kansalu ka maukonde kochokera ku nsapato yothamangira. Anapukuta mkati, n'kuboola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire. Kunja anatseka mabowo olakwikawo ndi tepi, mkati n'kupaka guluu, kuyala kansalu, kupakanso. Zinandiwawa kuona kuti akulondola. Sindinawauze.

"Auma nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Pachitini analemba tsiku lathunthu. Koma tikaika padzuwa..."

"Penti isungunuke?"

"Nanga tikapemerera?"

Chala chawo chinali chikupita kale pa guluuyo. Ndinachimenya. Ndinatenga chigobacho, n'kuchitsekera m'kabati yawo yomwe, kiyi n'kuika m'thumba mwanga, ulendo kwathu.

Masana anabwera kawiri. Koyamba anati adzandione ngati ndafika bwino. Kachiwiri anati m'kabatimo muli ulusi wakuda umene akuufuna msanga. Ndinawapatsa ulusi wa mayi a kunyumba. Lachisanu m'mawa ndinawapeza pakhonde panga ndisanasambe n'komwe, akugwedeza bondo, mpando wonse ukulira. Mlongo wanga anandiimbira foni: "Achimwene, apatseni kiyi anzanuwa, andiphwanyira kale makapu awiri." Ndinati aphwanye onse, kiyi atuluka thwelofu koloko.

Titatsegula, chigambacho chinali chitagwira nga nga nga. Tsopano inali mbali yanga. Ndinadontheza mankhwala otsukira mano pansonga za timizati takutsogolo, n'kulowetsa takumbuyo m'mabowo ake, n'kutsitsa chigobacho pang'onopang'ono mpaka chinagunda. Titachinyamula, madontho awiri oyera anali mkati, pamalo ake enieni.

"Boolani pamenepo. Pang'onopang'ono, muziyesa."

Anaboola akupuma ngati akukwera phiri. Timizati tinalowa bwinobwino, timapini topanira chigoba pa timizatito tinatseka, matayala sanakhudze paliponse. Koma titamatula tepi, malo akale aja ankaoneka, timaso tiwiri totuwa pa penti yofiira.

"Pali timapepala tomata timene mwana uja anasiya m'bokosi la chigobachi," anatero alamu motsitsa mawu. "Tikamata pamwamba sadziwa."

"Matani. Ine ndiye mboni yabodza sindikhala."

Anamata, n'kumatula, n'kumatanso. Anatuluka kukasuzumira mumsewu, n'kubwerera, n'kumatula.

Mwanayo analowa faifi koloko atavala ovolosi yake ya kuntchito. Asanaike n'komwe chikwama pansi, bambo ake anayamba: "Mayi, ndinalakwitsa. Sindinadikire amalume ako. Ndinakoka, chinang'aluka."

Mwanayo anatenga kagalimotoko. Anachotsa timapini, n'kutembenuza chigobacho, n'kudina chigamba ndi chala chachikulu. Anachipinda uku ndi uku mwamphamvu. Sichinamatuke.

"Milungu itatu, adadi."

"Ndikudziwa, mayi."

"Mukanamata pepala n'kukhala chete, bwenzi titasiyana pompano." Anadinanso. "Guluu ameneyu ndi uti?"

Anamuonetsa chitini.

"Mawa muchitenge. Changa chakale chija chang'aluka pamphuno, ndipo anzanga onse zawo n'zong'aluka. Koma choboolera chitsale konkuno, mwamva? Tinyamuka sikisi."

Alamu anayamba kulongedza nthawi yomweyo, chitini, sizasi, nsapato zakale zoti akadulemo nsalu, akugunda mipando. Ndinatsokomola kuti akumbukire amene anasunga kiyi ndi amene anabwera ndi nzeru ya mankhwala a mano.

"Amalume, mukadalipo?" anatero mwanayo. "M'galimoto muli malo amodzi okha, kumbuyo kwadzaza mabokosi."

Ndinatenga rula yanga, imene palibe anaigwiritsa ntchito, n'kumapita.