Bokosi la a Yotamu Silinapite ku Lusaka

Mukadutsa pa msika wa Nangongwe, funsani aliyense za Tinenenji Mvula, akulozerani kashedi ka malata komwe amasoka malamba ndi masandasi a chikopa. Asakunamizeni munthu kuti ntchitoyi anaiphunzira kusukulu. Sukulu yake ndi bokosi la bambo ake, a Yotamu, amene anachoka ku Katete kudzakhala kalipentala ku njanji mpaka maso awo anachita nkhungu.

Bokosilo linagona kunsi kwa bedi zaka zisanu ndi chimodzi, dzimbiri likudya, wolifunsa palibe. Tinenenji ndiye analikoka, tsiku lomwe anatola zidutswa za chikopa kwa munthu wosoka mipando ya maminibasi. Tchizulo yaikulu inasanduka yodulira, yaing'ono yoboolera modutsa ulusi. Mpeni wa pulena yopalira zitseko anausolola n'kumasengera m'mphepete mwa lamba kuti popinda pasatupe. Vaisi imamugwirira chikopa, iye akusoka ndi manja onse awiri. Azibambo a pa msika anaseka miyezi itatu. Lero mathalauza awo omwewo akugwiridwa ndi malamba ake.

Ndiye Loweruka lina anatsika m'minibasi mlongo wake wamkulu, Luckson, amene watsegula malo odyera ku Lusaka. Ati zitsulo zakalezo akufuna akazipachike pakhoma, makasitomala aziona.

"Zitsulo za ba tate ni za mwana mwamuna," anatero Luckson. "Iwe uziononga chabe pa zikopa za ng'ombe."

"Ba Luckson, pamene dzimbiri linali kudya munali kuti? Linalibe ulemu na mwana mwamuna?"

Pakamwa panali pakuthwa, koma Tinenenji ankadziwa chinthu chimodzi. Bokosilo likakwera minibasi, shedi yatha. Anatseka shediyo, nasenza bokosilo yekha mpaka kunyumba, Luckson akutsatira manja m'thumba.

A Yotamu anali pakhonde. Anamvetsera onse awiri osadula mawu, kenako anatambasula dzanja. Tinenenji anaikamo tchizulo yaikulu ija. Mkuluyo anayendetsa chala kumsana kwake, napinda malaya, n'kumeta pamkono monga ankachitira ku njanji. Ubweya unagwa wokha.

"Mwala wanga sunafikitsepo chitsulo apa. Umachita bwanji, mayi?"

"Nikachoka pa mwala nimapitisa pa chikopa, ba tate. Makumi awiri, mbali imodzi."

A Yotamu anangoti hmm. Anapapasa m'bokosi, natulutsa tchizulo ina yobuntha ndi mwala wonolera, napatsa Luckson.

"Mwana mwamuna, nola iyi."

Luckson anavula wotchi, nanjuta. Anayamba kukwecha uku, kutembenuza, kukwecha uko, mwachangu ngati munthu wodziwa. A Yotamu saona bwino, inde, koma khutu la zaka makumi atatu m'shopu silinamizika.

"Leka. Ukunola ngati mpeni wotumbulira nsomba. Tchizulo ili ndi nkhope imodzi, kumsana sikukhudzidwa chotero. Ukanapitiriza ukanandiphera chitsulo."

"Koma ba tate, ine nifuna chabe kuzisunga bwino."

"Pakhoma? Chitsulo chimasungika m'manja mwa wochinola."

Anakankhira bokosi kwa Tinenenji ndi phazi. Kenako anapapasanso pansi penipeni, natulutsa sowo yakale yothyoka mano, yomwe ngakhale Tinenenji anaisowera ntchito.

"Iyi tenga, kapachike. Yapuma ngati ine."

Luckson anailandira ndi manja awiri, nanga akanatani. Anaikulunga m'nyuzipepala, nauyamba wa ku siteshoni.

Lolemba m'mawa shedi inatsegulidwa monga mwa masiku onse, kungoti tsopano muli mpando wachiwiri. A Yotamu amakhala pamenepo, chidutswa cha chikopa pabondo, akupititsa tchizulo makumi awiri mbali imodzi. Wodutsa akafunsa ngati akuphunzitsa mwana, amayankha kuti ayi, wophunzira ndi iwo.