Tsiku Limene Ndinasocheretsa Chombo cha Malume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene laputopu inalowa m'nyumba ya malume anga, a Faniwelo, pa komboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge. Inabwera pa basi kuchokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete, ndipo amene anaitumiza anali mwana wawo Gifiti. Inali yakale, batani limodzi linali litaguluka, ndipo batire lake silinkachedwa kutha. Gifiti anaikamo nyimbo za kwaya, zithunzi za ana ake, ndi gemu imodzi yoyendetsa chombo pakati pa nyenyezi. Ndikuganiza kuti gemuyo anangoiwala kuifufuta.

Malume anali dalaivala wa thirakitala yotuta masamba kuchokera m'minda kupita ku fakitale. Chaka cham'mbuyo mwake ngolo inawagwera pamwendo pa chitunda choterera nthawi ya mvula, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka pakama kufika pakhonde basi. Akazi awo, azakhali a Elube, anali atamwalira kale. Amayi, omwe ndi mlongo wawo, ankathyola tiyi tsiku lonse, choncho ntchito yowaperekera chakudya ndikaweruka kusukulu inali yanga. Anzanga achindau ankawatchula kuti sekuru, ife m'nyumba tinkati malume, ndipo iwo ankayankha zonse ziwiri, ine n'kumanditcha muzukuru, monga Achindau amatchulira mwana wa mlongo wawo.

Gemuyo inalibe nkhondo kapena mdani. Munthu unkangokhala ndi chombo, n'kumadumpha kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina. Ukafika, panali njira ziwiri zodziwira zomwe zili pamenepo. Yachidule inali kudina batani limodzi: chombo chinkalira ngati belu la kutchalitchi, ndipo pasikirini pankatuluka timadontho tosonyeza kuti pali maiko angati. Ukatero unkatha kupitirira ulendo. Yaitali inali kuyandikira dziko lililonse, kulizungulira, kuponya tizida tounikira, n'kudikira kuti kamzere kadzaze pang'onopang'ono. Kakadzaza, gemu inkakuuza ngati kuli mpweya, madzi, ayezi kapena miyala yokhayokha, n'kukulola kulipatsa dzina. Nyenyezi younikidwa chonchi inkalembedwa mobiriwira pamapu. Imene wangoombapo belu n'kudutsa sinkalembedwa.

Malume anakonda njira yaitaliyo kuyambira tsiku loyamba. Magetsi akangoyaka ankakhala pakhonde, mwendo uli pampando, laputopu ili pathebulo laling'ono, fungo la masamba ofota likubwera ndi mphepo kuchokera ku fakitale. Ine ndinkawawerengera Chingelezi chovuta, iwo n'kumagwedeza mutu ngati akumva lipoti la kapitawo. Dziko lina lodzaza timiyala tothithikana analitcha Gaza, dzina la dera la nyumba zothithikana m'tauni ya Chipinge. Lina lobiriwira analitcha Mandeya, kwawo kwa azakhali. Lina lokhala ndi phiri lalitali analitcha Mulanje, kumene kunachokera agogo, ngakhale kuti m'nyumba mwathu munalibe amene anakuonapo ndi maso. Pa miyezi inayi anali ataunika nyenyezi khumi ndi zitatu zokha.

Ine zimenezi zinkanditopetsa. Ndinkaona pamapu nyenyezi zosawerengeka zikudikira, pamene ife takhala masana onse kuyang'ana kamzere. Ndinkawachonderera kuti tingoomba belu tizipita, tione zakutsogolo. Ndinawauzanso tsiku lina kuti munthu woti anali dalaivala samayenera kuopa liwiro. Anaseka, n'kundiyankha kuti liwiro analiona lokwana, ndipo kuti munthu wodutsa pamalo ali pa giya yachinayi sanganene kuti anafikapo. Nthawi zina ankandilola kudumpha kamodzi, koma ndikangofika ankanditenga laputopu n'kuyamba kuzungulira.

Kenaka anapeza dziko lamadzi. Linali lobiriwira ngati thambo la m'mawa, lili ndi miyezi isanu ndi iwiri yolizungulira. Sanalipatse dzina msanga monga ankachitira ena. Anati ayambe amaliza kuunika miyezi yonse, umodziumodzi, ndipo dzinalo analisunga mumtima. Ndinawafunsa kangapo, sanandiuze. Pofika Lachisanu anali atatsala ndi miyezi iwiri yoti aunike.

Loweruka amayi anawaperekeza ku chipatala ku Chipinge kuti adokotala akaonenso mwendo. Anandisiyira kiyi kuti ndisese ndi kuchapa. Ndikukumbukira kuti kombi, minibasi imene anakwera, itangokhota pa mitengo ya bulugamu, babu la m'nyumba linayaka. Ndinasesa theka la chipinda, tsache n'kuliimika pakhoma.

Ndinadziuza kuti ndidumpha katatu kokha n'kubwerera. Koma belu lija linkakoma. Ukadina, timadontho tituluke, udumphenso, sikirini iyere mbee, nyenyezi yatsopano n'kuonekera. Ndinaona yofiira yaikulu yodzaza sikirini yonse, ndinaona yaing'ono yowala ngati moto wa owotcherera zitsulo, ndinaona ziwiri zoyandikana ngati zikufuna kugundana. Palibe pomwe ndinaima. Ndinasiya kuwerenga nditafika makumi anayi. Mpaka lero sindibisa kuti maola awiri amenewo anali m'gulu la okoma kwambiri pa ubwana wanga.

Nditatsegula mapu kuti ndibwerere, panalibe kadontho kobiriwira ngakhale kamodzi. Mapu ankangoonetsa dera loyandikira pomwe chombo chili, ndipo ponseponse panali potuwa. Ndinadumpha cham'mbuyo, kenaka chakumanzere, n'kumasocherabe. Ndinazimitsa laputopu ndikuyembekeza kuti ikayakanso ibwerera pa dzulo, koma gemuyo inkadzisunga yokha ukangodumpha. Ndinaivundikira ndi kansalu kake, n'kumaliza kusesa.

Lamulungu titachoka kutchalitchi malume anandiitanitsa. Laputopu inali yotsegula. Anandifunsa modekha ngati ndikudziwa chimene chachitika, ine n'kunena kuti mwina magetsi anathima molakwika n'kusokoneza zinthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Esinati, magetsi sayendetsa chombo,” anatero.

Ndinaulula ndikulira. Amayi anali atathyola kale kanthambi ka pichesi, koma malume anawaletsa, nati amusiye mwanayo, ndi gemu chabe. Anatseka laputopu n'kuivundikira.

Ndikanakonda akanandikwapula. Masiku anayi otsatira ndinkawapeza atakhala pakhonde akuyang'ana mizere ya tiyi ndi anthu othyola atabereka madengu, magetsi ali oyaka, kansalu kali pomwepo. Ankalandira chakudya n'kuthokoza mwaulemu ngati ndine mlendo. Lachitatu madzulo, tikutsuka mbale, amayi anandiuza zimene adokotala ananena Loweruka lija. Mwendo sudzawongokanso. Malume sadzabwerera pa thirakitala, ndipo popeza nyumbayo inali ya esiteti, tsiku lina adzayenera kutulukamo. Anachoka kuchipatala ndi uthenga umenewo, ndipo m'kombi anangouza amayi kuti mawa amaliza kuunika miyezi yawo iwiri ija.

Ndinapitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale.

Lachisanu ndinapeza kansalu katachotsedwa ndipo pafupi ndi mpando wawo anaikapo kabenchi.

“Khala apa, muzukuru. Undibweze kumene unanditenga.”

Anayamba kundifunsa ngati wapolisi. Nyenyezi yoyamba inali ya mtundu wanji? Inali ndi maiko angati? Yachiwiri nanga? Ndinali nditadutsa malo oposa makumi anayi, koma ndinkakumbukira atatu okha, ndipo sindinkadziwa kuti oyamba anali ati. Malume sanandinyoze. Anangonena kuti iwo nyenyezi zawo khumi ndi zitatu angazitchule atatseka maso, ndipo anazitchuladi, ndi maiko ake omwe.

Tinafufuza masabata atatu. Ine ndinkayendetsa, ndipo paliponse pomwe tafika iwo ankaunika dziko limodzi kuti pakhale chizindikiro, tisazungulire malo amodzi. Ndinaphunzira kudikira kamzere popanda kugwedeza mwendo. Ndinayamba kuona kuti maiko a miyala sali ofanana, ena ali ndi zigwa, ena ming'alu yaitali ngati dambo louma. Dziko lamadzi lija sitinalipeze.

Koma tsiku lina tinatulukira pa nyenyezi ziwiri zoyandikana zija. Moto unkachoka pa ina n'kumakokedwa ngati ulusi kupita pa inzake. Malume anasuntha laputopu kuiyandikiza kumaso, n'kuziyang'anitsitsa mpaka tiyi wawo anazizira. Kenaka anandifunsa ngati zoterezi ziliko zambiri kutsogoloko. Ndinati ziliko.

“Ndiye kuti miyezi yonseyi ine ndimangozungulira pakhomo,” anatero, n'kuseka pang'ono. Kanali koyamba kuwamva akuseka chichitikireni mlandu uja.

Tsiku lomwelo anati tileke kufufuza. Ndinalimba mtima n'kufunsa dzina limene ankasunga. Anati linali Elube. Ndinawauza kuti tikapeza dziko lina lamadzi adzalitche choncho, koma anapukusa mutu, nati dzinalo linali la dziko lija, ndipo likhale komweko. Tinapezadi ena amadzi pambuyo pake, awiri kapena atatu. Anawapatsa mayina ena.

Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti ine ndizidumpha kasanu ndi belu langa, iwo azisankha malo amodzi oti tiimepo, ndipo tikaima ndisadandaule. Tinasewera choncho mpaka pamene anasamukira ku Gaza, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya msuweni wawo. Laputopu inafera komweko, ndipo iwo anamwalira ndili Fomu 4.

Panopa ndimagwira ntchito ku Mutare, ndipo Loweruka lina ndikapeza mpata ndimaseweranso magemu a mtundu umenewu. Ndimawerenga pa intaneti osewera akukangana. Ena amafuna kuti kuunika kufupikitsidwe kukhale batani limodzi chifukwa kudikira n'kutaya nthawi, ena amati ukachotsa kudikirako ndiye kuti wachotsa gemu yonse. Ine sindinasinthe kwenikweni, ndimakondabe kuthamanga. Koma sindingathenso kunena kuti enawo sadziwa kusewera, monga ndinkaganizira za malume. Ine ndinali ndi miyendo iwiri ndi zaka zonse kutsogolo, ndiye ndinkafuna kuona zambiri. Iwo anali ndi khonde limodzi ndi masana aatali oti awadutse, ndipo kamzere kodzaza pang'onopang'ono kanali ntchito yoti adzukire m'mawa. Ndinakhala pafupi nawo miyezi inayi, kuwawerengera Chingelezi chonse cha pasikirini, koma sindinawafunsepo n'kamodzi komwe kuti iwowo akuonapo chiyani.