Ulusi Uyambe Walowa

Mwezi uno taika m'manda mayi amene mpingo wonse unkangowatchula kuti Atelala. Mikanjo ya kwaya ndi nsalu za paguwa zonse zinadutsa m'manja mwawo. Ambirife tinadutsanso momwemo.

Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu ndi awiri. Mayi awo atamwalira, anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, n'kukhala pamakina osokera miyendo isanafike bwino popondera. Makinawo analera abale awo, kenako ana awo atatu. Amuna awo atafa ziwalo anagona zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda choyandikana ndi chosokeramo, ndipo chitseko chapakati sichinatsekedwepo, kuti odwalawo azimva nawo nkhani za makasitomala.

Ankavomera okha kuti pautsikana anali ndi pakamwa. Tsiku lina anakalipira mng'ono wawo chifukwa chojomba kutchalitchi, ndipo atabwerera pamakina ulusi unakana kulowa m'singano, manja akunjenjemera. Pamenepo anadziikira lamulo: asanapite kukadzudzula munthu, ankatenga singano ndi ulusi. Ukalowa kamodzi, ankapita. Ukakana, ankakhala pansi n'kupemphera. Ankati mkwiyo umanjenjemeretsa manja, koma chimwemwe chopeza mnzako atalakwa chimaposa.

Lamuloli linayesedwa kwambiri pa nkhani ya aphunzitsi a kwaya. Bambowa ankadziwa nyimbo, ndipo ankadziwanso kuti amadziwa. Tsiku lina pophunzira nyimbo anauza mayi wina wa m'kwayamo, amake amapasa, anthu onse akumva, kuti mawu awo akulira ngati chitseko chosowa mafuta. Ena anaseka. Mayiwo anapinda mkanjo wawo, kuusiya pabenchi, ndipo Lamulungu lotsatira sanabwere, ngakhale amapasawo.

Tonse tinayang'ana kwa Atelala, koma sabata zitatu zinatha ali phee. Tinkati ukalamba wawagwira maso. Chonsecho vuto linali lina. Zaka zingapo m'mbuyomo aphunzitsi omwewo anabweza mikanjo isanu pagulu, amvekere makolala ndi okhota, ndipo Atelala anali asanaiwale.

Sabata yachinayi ulusi unalowa. Anaitana aphunzitsiwo kuti adzayese mkanjo watsopano, n'kuwaimika pakati pa chipinda, mikono yotambasula, mapini ali m'khwapa monse. Munthu wotere sathawa.

"Achimwene, ndiyambe ndaulula zanga," anatero. "Nditamva zimene munachita ndinakondwera. Ndinati lero ndawapeza. Mundikhululukire."

Aphunzitsi anafunsa ngati anaitanidwira zimenezo.

"Ayi, imani bwino, mungabayidwe. Makolala aja analidi okhota. Mayi aja nawonso mwina amaphonyadi poimba. Koma ine ndikalakwitsa msoko ndimamasula pang'onopang'ono, nsalu isang'ambike. Inu munakoka."

Aphunzitsi amafotokoza okha kuti anafuna kuyankha, koma n'kovuta kudzikweza utatambasula mikono ngati chovala cha pachingwe. Madzulo a tsiku lomwelo anatenga mkanjo uja unasiyidwa pabenchi, Atelala atausita, n'kupita nawo kwa amake amapasa. Anapepesa pakhomo, ndipo Lamulungu anapepesanso pamaso pa kwaya, poti ndi pomwe analakwira. Mayiwo anabwerera ndi ana awo. Amaphonyabe mwa apo ndi apo, ndipo aphunzitsi amangoyang'ana kudenga.

M'zaka zomaliza za Atelala maso anayambadi kuchita khungu, ndipo ulusi unkalowa mwa kamodzikamodzi. Adzukulu anawagulira kawaya kolowetsera ulusi. Ankakagwiritsa ntchito posoka, koma pa nkhani za anthu ankakakana, amvekere kumeneko n'kubera mayeso. Ankaseka kuti Mulungu waona kuti ayankhula mokwanira.

Anamwalira Lachiwiri masana pampando wawo wa pawindo, atangomaliza kupinda nsalu ya paguwa. Mwana wawo wamkazi anawapeza ngati agona, nsapato zotulukira zili kuphazi. Pakolala ya diresi lawo panali singano, ulusi utalowa bwinobwino.

Sanauze aliyense kumene ankapita. Pamaliro, aphunzitsi a kwaya anandinong'oneza kuti ayenera kuti ankabwera kwa iwo. Sindinawatsutse, ngakhale ndinali ndi zifukwa zanga zoganizira kuti ankabwera kwathu. Ndamva kuti sabata imeneyo anthu angapo mumpingo anakapepesana osatumidwa ndi munthu.