Mwana Wanga Anamusandutsa Tchire

Kompyuta itafika mu ofesi yathu yojambula mapulani ku Chipata, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, abwana anaiika pa tebulo langa. Ofesiyo inali yawoyawo, kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu. Abwanawo anali mkulu wa mpingo, mwana wa aphunzitsi a pa mishoni, munthu woseka ndi mano okha.

Makinawo anabwera ndi zizindikiro zake zojambuliratu: mitengo ya paini, mabafa, zimbudzi zamadzi, galimoto. Nanga m'midzi ya ku Kasenengwa bafa ukalipeza kuti? Choncho ntchito yanga inali yopanga zathu. Ndinajambula nkhokwe, khola, mjigo, chulu, chimbudzi cha dzenje. Chizindikiro umachijambula kamodzi, n'kuchipatsa dzina, n'kuchisunga. Kenako umangochidinda pa pulani paliponse pamene ukufuna. Ukadzasintha choyamba chija, zonse zimene unadinda zimasinthira limodzi. Zimenezi zinkandisangalatsa kwambiri masiku amenewo.

Chaka chimenecho ndinali nditapita padera mimba itakula. Zinachitikira kumudzi kwa amuna anga, kufupi ndi Mtenguleni. Mwana wotere, mtayo, saikidwa ku manda a akuluakulu. Amayi okhaokha amamunyamula mwakachetechete n'kukamuika m'mphepete mwa dambo, m'kadzenje kosaya. Salira, satchula dzina. Amati akakwiriridwa mozama, mimba ya mayi wake imatsekeka. Ine ndinali ndapita kusukulu ndithu, koma apongozi anga aakazi ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo amuna anga anali munthu womvera amayi ake. Ukwati wanga unali pa kadzenje kosayako.

Tsiku lina oyeza malo anabweretsa miyeso ya malo amene wamalonda wina wa m'tauni anapatsidwa kuti amangepo shedi ya chimanga. Nditayamba kulumikiza mizere, ndinaona kuti malowo ndimawadziwa. Msewu ndinauzindikira, mkuyu ndinauzindikira, dambo nalo lomwelo. Ngodya ya kumunsi ya shediyo inagwera pamalo pamene apongozi anandilozera ndi mlomo nditachira, pamene anaika mwana wanga.

Ndinafufuza m'makinamo chizindikiro cha manda. Chinalimo chimodzi, mwala woima wokhala ndi mtanda. Sichinali cha mwana wanga chimenecho. Ndinajambula changa, kozungulira kakang'ono ngati nyemba, n'kukapatsa dzina loti manda a makanda. Ndinakadinda pa malo a wanga, kenako pa malo ena onse amene ndinkawadziwa m'mbali mwa dambolo, poti amayi a m'mudzimo anaikamo ambiri. Ndinkangofuna kuti womanga akaona, asunthe shediyo pang'ono kumtunda. Malo analipo, si kuti kunali kothina.

Abwana anaima kumbuyo kwanga, akununkha sopo, n'kufunsa kuti tinyembato n'chiyani. Ndinawauza zonse, ndi za ine ndemwe, zimene ngakhale anzanga a ku kwaya sindinawauzepo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Atatero anati pulani yokhala ndi manda siyenda, imaitana mafumu ndi milandu, ndipo mwini shedi akufuna kumanga mvula isanagwe. Ndinawapempha, ine amene sindipempha munthu.

"Amayi, manda amakhala ndi mtanda ndi dzina," anatero. "Dzina lake ndani, ndilembepo?"

Ndinalibe dzina loti ndiwapatse, ndipo iwo ankadziwa.

Anandiuza kuti ndisunthe. Munthu amene ankati galasi la kompyuta limamuwawitsa maso, tsiku limenelo anakhala pa mpando wanga bwinobwino. Sanavutike n'kufufuta kamodzikamodzi. Anatsegula chizindikiro choyamba chija, n'kuchotsa kanyembako, n'kuikapo timizere titatu toimira udzu. Dzina analisintha kukhala tchire. Atadina, ana onse a m'dambomo anasanduka udzu nthawi imodzi, ine ndikuona. Anachita kuseka, ati taonani mmene makinawa amapeputsira ntchito, tikanakhala pa pepala bwenzi tikupala ndi lezala mpaka madzulo. Ndinadana naye munthu ameneyo, ndipo mpaka lero sindinaleke.

Anasindikiza pulaniyo okha, n'kuipinda, n'kutuluka nayo. Ndinabwezeretsa kanyemba kanga m'makinamo iwo atachoka, koma zinali zongodzinamiza. Pepala linali litapita.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Amuna a m'mudzimo anati nkhani ya mtayo ndi ya amayi, iwo saidziwa ndipo sayenera kuidziwa. Amayi a m'mudzimo anati nkhani imeneyo siitchulidwa pabwalo, ndikufuna kuwachititsa manyazi pamaso pa amuna awo? Wina anandinong'oneza kuti ndisamale pakamwa panga, sukulu isandipusitse. Amuna anga anangoti tiona. Aa, tiona chiyani, munthu wamkulu ndi ndevu zake! Ndinabwerera ku Chipata.

Pokhala kuti pamalopo panali potsetsereka, omangawo anayamba n'kuthira dothi. Malole ankabwera ndi dothi lofiira n'kumakhuthula kumunsi kuja, mpaka pafanane ndi msewu. Pamwamba pake anatsira miyala, kenako simenti. Ndinapita kukaona tsiku lothira simentilo. Ndinaima patali ndi chikwama changa cha kuntchito, ngati munthu wodikira basi. Ngodya ija inali itakwera kufika m'chiuno mwanga.

Madzulo ake ndinali kukhitchini kwa apongozi, ndikusenda mbatata. Iwo anali pakhonde ndi mwana wawo, amuna anga aja, ndipo sanatsitse mawu ngakhale pang'ono. Anamufotokozera kuzama kwa dothilo, anaonjeza za simenti, ngati akunena za mitengo ya feteleza. Ndinadikira kuti amuna anga ayankhe, mpeni uli m'manja. Ndinangomva mpando ukulira pamene ankasintha kakhalidwe.

"Ndiye basi, atate," anatero apongozi. "Apa palibenso chodikira. Muyambe kuyang'ana mkazi kwina."

Amuna anga anati amva.