Mpando wa Woyendera Sukulu

Pachilumbapo aliyense ankawatchula kuti Atsopano, ngakhale imvi zinali zitayamba kale kusuzumira pamwamba pa makutu. Anafika ali mtsikana, kalata ili m'manja. Kalatayo inkati mphunzitsi wongomaliza maphunziro ayesedwe chaka chimodzi, woyendera sukulu adzamuonerere akuphunzitsa, asaine fomu, ndiye alembedwe ntchito yokhazikika. Chaka chimodzicho chinatamuka ngati mphira mpaka kukwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Woyendera wina ankaopa mafunde, wina anasamutsidwa, wina fayilo inamusowa. Ndipo munthu woyesedwa sagona tulo tabwino, poti tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti ntchito yatha.

Boti linkafika Lachitatu. Tsono Lachitatu lililonse Atsopano ankapukuta mpando wa kumbuyo kwa kalasi, pafupi ndi zenera losweka, n'kuphunzitsa phunziro lomwe lija anakonzera mlendo: ziwalo za duwa. Akamajambula duwalo pabolodi, maganizo ankapita kutali. Ankaona munthu wa nsapato zonyowa atakhala pampandopo, akugwedeza mutu, cholembera chikuyenda. Tsiku lina ankamupatsa ndevu, tsiku lina magalasi. Masamu kaya, koma duwa chilumba chonse chinkalidziwa. Ngakhale amayi pamjigo ankalilakatula.

"Chemwali, mpandowo ungokukwatirani basi," ankawaseka choncho mlongo wawo.

Lachitatu lina mpando uja unapeza mwini: mayi wachitsikana, chikwama pamiyendo. Atsopano anayamba kujambula duwa lija, choko chinathyoka kawiri. Koma pocheuka anaona milomo ya mlendoyo ikuyenda, ikutsogolera mawu awo. Apo m'pamene anamuzindikira. Kanali kamtsikana kamene kale kankakhala kutsogolo m'kalasi mwawo, kopanda mano awiri.

Ana atatuluka, mlendoyo anatsegula fomu, n'kuloza mzere wa m'munsi.

"Aphunzitsi, phunziro ili likadali lokoma ngati kale. Koma lamulo likuti munthu amene munamuphunzitsa sangakusainireni. Sindinadziwe kuti ndi inu. Pafayilo anangolemba kuti mphunzitsi watsopano."

"Ndiye adzabwera wina, mwanangu?"

"Ndikawauza, aphunzitsi."

Mtima unawawawa kwambiri, komabe anamunyamulira chikwama mpaka kuboti, akumufunsa za amayi ake.

Lachitatu lotsatira mpando anaupukuta ndithu. Kenako anakhazikapo mwana amene analibe desiki, n'kulemba masamu pabolodi.