Tsiku Limene Njinga ya Amalume Inalira

Amalume, mlongo wawo wa amayi anga, anabwera ku Joni kudzagwira ntchito mumgodi ine ndisanabadwe, ndipo sanabwererenso. Nditabwera kudzasaka ntchito ndinafikira kwa iwo, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina kufupi ndi Reiger Park. Chuma chawo chonse chinali njinga yamoto yakuda yachikale, imene anagula kwa kapitawo wawo mgodi ukutsekedwa. Inkagona nafe m'chipindamo, ine miyendo ili pansi pa injini.

Njingayo sinkalira. Loweruka lililonse ankaitulutsa pabwalo, kutsegula kachivundikiro ka m'mbali, n'kuyamba kupala mapointi, tizitsulo tiwiri timene timagundana kuti moto ufike ku pulagi. Ankapala ndi sandipepala, kuyeza mpata wake ndi pepala la ndudu, kenako n'kundiuza kuti ndiponde kiki yolizira injini. Ndinkaponda mpaka ntchafu kuwawa, chonsecho sabata yonse ndakhala chiimire pa makina kufakitale ya ku Alrode. Njinga inkangotsokomola kamodzi n'kukhala chete. Iwo ankapukuta manja n'kunena kuti mawa ndi tsiku.

Kumudzi amayi sankandipatsa mpata wopuma. Foni iliyonse nkhani inali yomweyo: achimwene abwera liti, akalamba, asafere kwa eni, kwanu n'kwanu mthengo mudalaka njoka. Ndikawauza amalume, yankho linali limodzi, loti tchona salowa m'mudzi wapansi ngati wakuba. Njinga ikalira tidzaikweza m'ngolo ya basi, ndipo kuchokera pa Dedza adzayendetsa okha mpaka pakhomo. Ndinatopa kukhala mtenga wa nkhalamba ziwiri. Ndinatopanso ndi fungo la petulo m'bulangete langa.

Ndiye ndinaganiza zongoithetsa nkhaniyo. Mnzanga wa kuntchito anandilozera kwa mzungu wina wokalamba ku Alberton, wogulitsa zipangizo za njinga zakale m'galaja mwake. Nditamufotokozera mmene inkatsokomolera, anati mapointi alibe mlandu waukulu, chakufa ndi kondensa. Anandigulitsa kondensayo, mapointi, koyilo ndi pulagi, n'kundionetsa modutsa mawaya.

Loweruka lotsatira amalume anapita ku Boksburg, kumaliro a mnzawo wa kumgodi. Ndinaitulutsa ndekha njingayo. Masikuluu anali atagwira dzimbiri, limodzi linandisenda chala. Mapointi akale anali atapalidwa mpaka kupyapyala ngati lezala. Kondensa yomwe inatizunza zaka zonsezo inali kachitsulo kosaposa chala chaching'ono, moti nditakachotsa ndinakatukwana. Ndinamanga zatsopanozo, ndinayeza mpata monga ndinkawaonera iwo, ndinathira petulo pang'ono.

Amalume analowa pageti atavala suti yawo ya kumaliro ine ndikuponda kiki. Inalira. Utsi unadzaza bwalo lonse, agalu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuuwa, mayi mwini nyumba anatuluka akuseka. Ndinayang'ana amalume kudikira kuti andiyamikire. Iwo anakhala pa chidebe, navula chipewa, n'kundiuza ndi dzanja kuti ndizimitse.

"Mphwanga, wakutuma ndani?"

"Amalume, si paja mumati ikalira mupita kwathu?"

"Aikona, ayi. Ukuyesa sindinkadziwa kuti ndi kondensa? Ine ndinagwira makina a pansi pa nthaka amayi ako akadali kamtsikana."

Kenako anayankhula motsitsa, maso ali pa tayala. Anati mkazi amene anamusiya ali ndi pakati anakwatiwa kalekale, mwanayo sanamuonepo, ndipo akumva kuti pano mwanayo anawaberekera zidzukulu. Amayi awo anaikidwa iwo kulibe, sanatumize ngakhale nsalu. Anzawo owadziwa bwino ali m'manda a konkuno, womaliza ndi amene amuika lerolo. Kumudzi amene angawalandire ndi mlongo wawo yekha, nayenso akukumbukira mnyamata wa mano onse.

"Ndikatsika panjingapo, ana akafunsa kuti agogowa akufuna ndani, ine ndidzati chiyani?"

Ndinawamvera chisoni, koma ndinakwiyanso, chifukwa ntchafu zanga zinavutikira chinthu chomwe mwini wake sankachifuna. Walira mvula walira matope. Anandipempha kuti ndibwezeretse zakalezo, ndipo ndinagwadanso pafumbi, kuchotsa kondensa yatsopano n'kumanga yakufa ija, iwo akundipatsira sipanala.

Tisanailowetse m'nyumba, amayi anaimba foni. Ulendo uno ndinakana kukhala pakati, ndinawapatsa amalume kuti adziyankhire okha. Anakonza kukhosi n'kunena kuti njinga ikuvutabe, zipangizo zake zikusowa kuno, koma akuyesetsa. Foni yanga inali yaphokoso, ndiye ndinamva zonse zimene amayi anayankha.

"Achimwene, ine sindikudikira njinga. Maso anga akutha. Bwerani wapansi ndikadali kuona."

Amalume anagwirabe foni kukhutu mpaka mayunitsi a amayi anatha.