Ndinagulitsa Mtedza Kuti Ndigulire Wodwala Mabisiketi

Inu owerenga, nkhaniyi ndikuyilemba mano ali panja, chimwemwe chitadzaza tsaya, koma musanyengeke ndi kusekaku. Ine ndinatsala pang'ono kumupha ndi njala mkazi wanga m'nyumba muli matumba a chakudya, ndipo ndinkachita zimenezo ndikudziguguda pachifuwa kuti pa amuna onse odwazika matenda m'dera la Malomo, katswiri ndine. Khalani pansi mumve mmene zinayendera, kuti wina asadzagwere m'mbuna yomweyi.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Dowa, cha ku Msakambewa, koma ndinakwatira ku Ntchisi ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, Nambewe. Nyumba yathu inayang'anizana ndi ya apongozi anga aakazi. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa zomwe ndikunena: ukadzuka mochedwa akuona, ukakalipira mwana akumva. Ine ndi apongozi angawo timaopana mwa chimakolo. Sitikhala pamphasa imodzi, tikakumana panjira wina amapatuka, ndipo moni timapatsana chapatali.

Nambewe ndi mayi wa khasu. Zaka zonse zomwe takhala m'banja sindinayambe ndamupitirirapo popalira, ngakhale kwa anzanga ndinkanena zosiyana. Ndiye atayamba kutupa m'khosi ndi m'khwapa, tinangoti ndi mwanabere wamba, aphwa yekha. Sanaphwe. Nambewe anayamba kutuluka thukuta pogona mpaka zofunda kunyowa, thupi n'kumatsika. Kuchipatala chakwathu anatitumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko atadula kanyama ka pachotupacho n'kukayeza, anatiuza kuti ndi khansa yotchedwa limfoma, imene imagwira tinthu tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere. Koma dokotala anatilimbitsa mtima kuti khansa imeneyi ambiri amachira nayo akalandira kemo, mankhwala amphamvu olowa kudzera m'dripi. Anati Nambewe azilandira n'kubwerera kumudzi kukapuma, nthawi ikakwana n'kubweranso, mpaka atamaliza ndondomeko yonse osadukizadukiza. Potsanzikana anawonjezera kuti wodwalayu azidya zopatsa thanzi komanso azipuma mokwanira. Ine ndinangogwedeza mutu ngati ndamvetsa, osafunsa kanthu, ndipo paja safunsa anadya phula.

Kemo si masewera, abale anga. Atalandira kemo woyamba n'kubwerera kumudzi, Nambewe ankasanza, m'kamwa munatuluka zilonda, tsitsi linayamba kutsalira pachipeso. Ine nditaona choncho ndinakhazikitsa malamulo anga. Lamulo loyamba linali lakuti asadzuke. Tsache asaligwire, pakhomo asatuluke, ngakhale kubafa ndinkachita kumunyamula. Kunena zoona, theka la lamulolo linali chikondi, theka linali mantha. Ndinkaopa kuti abale ake akamuona akuyenda pabwalo adzati mkamwini uja alibe chisoni, akugwiritsa ntchito mwana wathu ali m'matenda.

Lamulo lachiwiri ndiye linali la uchitsiru weniweni. Ndinaganiza kuti matenda aakulu chonchi, ochita kukawapeza ndi makina mumzinda, sangayenderane ndi nkhwani ndi nsinjiro. Kwathu kuno munthu akamakazonda wodwala amanyamula botolo la chakumwa chotsekemera ndi masikono, ndiye ine ndinati zopatsa thanzi zija ndi zimenezi. Ndinayamba kukweza mtedza ndi soya panjinga, thumba ndi thumba, kukagulitsa pa Malomo. Mazira ankapita konko, kenako nkhuku zomwe zinkaikira mazirawo zinatsatira. Pobwerera ndinkakoleka majumbo kuchiwongolero, odzaza ndi mabisiketi, buledi ndi mabotolo a zakumwa, ndipo ndinkachita kudzera dala kutsogolo kwa nyumba ya apongozi kuti amve mabotolo akugundana. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna.

Nambewe ankayesa kundiuza. Tsiku lina anati, "Inu abambo, mabisiketi anuwa akundikanda m'kamwa. Mtima wanga ukufuna futali." Ine ndinamuyankha kuti futali ndi chakudya cha anthu opita kumunda, iye adye za odwala. Tsiku linanso anapempha kuti akangoona mpiru wake kudimba, ndipo ndinamukalipira ngati wapempha kukwera phiri. Anangotembenukira kukhoma. Ndikakumbukira kutembenuka kumene kuja, mpaka lero mtima umandiwawa.

Zotsatira zake zinakaonekera ku Lilongwe, tsiku lina lolandira kemo. Atamuitana, Nambewe analephera kudzuka pabenchi, miyendo ikungonjenjemera. Anamukweza pasikelo, anamuyeza magazi, ndipo dokotala anapukusa mutu. Anati thupi lafooka kwambiri moti mankhwala sangamupatse tsiku limenelo, tibwerere kumudzi akayambe wapezako mphamvu. Anatiuzanso mosabisa kuti kemo akamachedwachedwa, matenda amapeza mpata wodzukanso. Apo ndiye ndinasowa mtengo wogwira.

Tisanatuluke, nesi wina wachikulire anandiitanira pambali n'kundifunsa zomwe wodwalayu amadya. Inu owerenga, ndinayankha monyadira. Ndinatchula mabisiketi, ndinatchula zakumwa, ndinafotokozanso kuti sindimulola ngakhale kuponda pakhonde. Nesiyo anafunsa kuti kwathu timalima chiyani. Ndinati mtedza, soya, nyemba, mbatata. Iye anati, "Nanga zimenezo zili kuti, bambo?" Ndinaulula kuti mtedza ndi soya ndinagulitsa kuti ndigule mabisiketiwo.

Sanandinyoze mayi uja, Mulungu amudalitse. Anandifotokozera kuti kemo payekha amafooketsa thupi ndi kuchepetsa magazi, ndiye thupilo limafuna zomangira kuti lizidzikonza, ndipo shuga wa m'botolo samanga kanthu. Anati phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, mazira ophika mpaka kupsa, nyemba zofewa, usipa wosinja, masamba otendera, mapeyala, nthochi ndi mapapaya ndiye chakudya cha munthu wa pakemo. Azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, zofewa ndi zosatentha kwambiri chifukwa cha zilonda zam'kamwa, zophikidwa kumene osati mkute, madzi akhale owiritsa, mtedza wa chuku utayidwe. Za kugona anati munthu akangokhala chigonere minofu imatha, njala imathawa, mtima nawo umagwa. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse mmene thupi lamulolera, akatopa apume, koma thupi likangotentha tisadikire, tithamangire kuchipatala.

Mu minibasi pobwerera ndinali ndi manyazi, koma chodabwitsa n'chakuti ndinalinso ndi chisangalalo. Mankhwala a vuto limeneli anali kumudzi konkuja! Vuto linali limodzi: m'nyumba mwanga munalibe ngakhale mtedza wodzaza chikhatho, zonse ndinali nditasandutsa mabisiketi. Amene anali ndi mtedza, nkhuku ndi mtengo wa mapeyala anali apongozi.

M'mawa mwake ndinachita chinthu chomwe sindinachitepo chikwatirireni. Ndinapita ndekha kunyumba kwawo, ndinanjuta pafupi ndi nkhokwe nditayang'ana kumbali, n'kuwodira. Iwo anakhala pakhonde atandipatsa msana, ndipo ndinaulula zonse, kuyambira za sikelo mpaka za funso la nesi uja. Ndinkayembekezera mawu olasa. M'malo mwake anaomba m'manja n'kunena kuti, "Kodi si malamulo a kuchipatala amene aja? Ife timayesa adokotala ndiwo analetsa zakudya zakumudzi. Ine ndakhala ndikusinja nsinjiro n'kumadya ndekha, mwana wanga akutha ndikuona, kuopa kuti mungati ndikulowerera banja lanu." Mwaona, inu owerenga? Ine ndinkaopa iwo, iwo ankaopa ine, ulemu uli tho mbali zonse ziwiri, pakati pathu munthu akufota.

Kuyambira tsiku limenelo pamudzi panasintha. Mtondo wa apongozi unayamba kulira m'mamawa uliwonse, ndipo ine, mwamuna wamkulumkulu, ndinaphunzira kupeta ndi kusankha mtedza wowola. Mbale yoyamba ya phala la nsinjiro Nambewe anangodya masupuni ochepa n'kukankha. Sitinamukakamize, tinadikira pang'ono n'kumupatsa peyala lofinya. Masiku ena nseru inkamugwira ndipo chilichonse chinkabwerera, koma tinkayambiranso. Futali uja anaphikidwa, wa mbatata yofewa bwino, ndipo anadya akundiyang'ana m'maso dala kuti ndimve manyazi. Ndinawamvadi, koma ndinali wokondwa moti ndinatuluka panja kukauza aliyense wodutsa kuti mayi kunyumbaku amaliza mbale.

Kuyenda tinayamba ndi pakhonde, atandigwira paphewa. Kenako tinkafika pamjigo, iye n'kukhala pamwala kumacheza ndi amayi anzake atavala duku lake. Zonena sizinachedwe. Ena ankati mkamwini wa kwa Nambewe wapenga, akuyendetsa wodwala padzuwa. Apongozi atamva zimenezo anamanga chitenje n'kuyamba kutiperekeza. Tangoganizani gulu lake: ine patsogolo, Nambewe pakati, apongozi pambuyo patali ndithu posunga mwambo, akuyankha aliyense wofunsa kuti alamula ndi achipatala ndipo amene sakugwirizana nazo akafunse konko. Pakamwa pa anthu panatsekeka. Tsiku lomwe tinatsetsereka mpaka kudimba, Nambewe anapeza mpiru wake utachita maluwa, n'kuyamba kundikalipira kuti ndine mlimi wanji wosadziwa kuthyola ndiwo. Sindinayambe ndakondwerapo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo, chifukwa ndinadziwa kuti mkazi wanga wabwerera.

Titapitanso ku Lilongwe anayenda yekha kukakwera pasikelo. Ine kunjaku mtima unali m'mwamba. Nesi uja atatuluka n'kundiuza kuti magazi ali bwino ndipo dripi ayiika, ndinalumpha ngati mwana, anthu pamzere n'kumandiseka. Sindikunena kuti zonse zinayenda myaa kuchokera pamenepo. Ulendo wina thupi linatentha ndipo anagonekedwa masiku angapo, koma poti tinathamanga msanga, anadzuka. Kemo yense anamaliza. Madokotala atamuunikanso anati zotupa zija sizikuonekanso, ngakhale tizipitabe kukayezetsa nthawi ndi nthawi, ndipo timapitadi osaphonya. Tsitsi lamera lofewa ngati la khanda. Lamulungu lapitali anaimirira m'kwaya kutchalitchi kwathu, mawu ake akumveka pamwamba pa onse, ine kumbuyo misozi ili chuchuchu osasamala kuti amuna anzanga akundiona.

Tsono ndikupempheni, inu amene mukudwazika munthu wa khansa. Dokotala akanena mawu oti simunawamvetse, funsani pomwepo, ngakhale muoneke ngati mbuli. Nsinjiro sichiza khansa, amachiza ndi mankhwala akuchipatala, koma mankhwalawo amafuna kupeza thupi loti n'kuwalandira, ndipo chomanga thupilo mwina chili m'nkhokwe mwanu momwemo. Musachinyoze poti n'chakumudzi. Musamusandutse wodwala mtolo wongogona pamphasa, mugwireni dzanja ayendeko ngati achipatala avomereza. Inu akamwini anzanga ndi inu apongozi, mwambo ndi wabwino ndipo ine ndimausungabe, koma pakagwa matenda lankhulanani, ngakhale mutapatsana misana.

Choposa zonse, mverani mwini matendawo. Ine ndinamvera mantha anga, ndinamvera maso a anthu, koma munthu yekhayo amene ankadziwa chomwe thupi lake likufuna ndinamutseka pakamwa. Posachedwapa ndinamufunsa Nambewe chifukwa chake sanalimbane nane masiku amene aja, poti mwachibadwa si munthu wogonja. Anandiyankha kuti, "Ndinkaona mmene munkavutikira ndi njinga ija, ndiye ndinati bola ndife ndi njala kusiyana n'kuti ndikuswereni mtima." Wodwala wanu naye mwina wangokhala chete chifukwa chokukondani. Pitani mukamufunse lero.